Mawu a Abambo Aakulu M'kajogu Kanga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, achimwene anga a Zeka, omwe ankagula ndi kugulitsa mbatatesi ku Tsangano, anandibweretsera kamakina kosewerera magemu. Kanali kakuda, kotalika ngati chikhatho cha munthu wamkulu, kagalasi kake kokandika pakona. Ife tinkangokatcha kajogu. Magemuwo ndinatopa nawo msanga, koma a Zeka atandionetsa kuti m'kakhadi kake mumalowanso mafilimu, ndinasanduka munthu wofunika m'mudzi mwathu ku Chidzolomondo. Tikaweruka ku shikola, anzanga ankandizungulira kuseri kwa tchalitchi, mitu ikugundana, kuonera anthu akumenyana pakagalasi kaja. Palibe wina ankadziwa podina, ndipo ine sindinkafuna kuti adziwe.

Vuto linali moto. Kwathu kunalibe magetsi, choncho bateriya ikatha tinkapita nayo kumsika, ku baraka, kagolosale ka mayi wina amene anali ndi sola padenga.

Bambo anga anali ndi mkulu wawo, a Mateyu, amene anatsalira ku Ntcheu pamene ena a m'banjamo, omwe anathawira kumeneko, ankabwerera kwathu nkhondo itatha. A Mateyuwo ndi mlongo wawo, azakhali a Rozalina, sankalankhulana. Anakangana za dimba la kumtsinje, ndipo zaka zinapita popanda ngakhale moni. Tsiku lina a Zeka anabwera ndi nkhani yoti a Mateyu akudwala kwambiri. Anali atakawaona, nawajambula pa telefoni ya mnzawo, kenako n'kuika vidiyoyo m'kakhadi kanga.

"Mawa m'mawa upite nako kwa azakhali ako," anatero bambo. "Moto wadzaza. Usayatse panjira."

"Musadandaule, ababa, ndikudziwa," ndinayankha.

Kwa azakhali unali ulendo wa maola awiri. Pamlatho wamitengo ndinapeza atsikana anzanga akuchapa. Anandinyengerera kuti tionereko pang'ono chabe. Ndinakhala pamwala, sopo akununkhira, madzi akundinyowetsa mapazi, ndipo pang'onoyo inakhala filimu yonse. Nditanyamuka, kachizindikiro ka bateriya kanali kofiira. Ndinadziuza kuti vidiyo ya munthu wokalamba siingatalike.

Azakhali nditawauza chimene ndabweretsa, sanafulumire. Anasamba m'manja, navala chitenje chawo cha kutchalitchi, n'kuyala mphasa pakhonde ngati kukubwera mlendo. Ndinawagwiritsa kajoguko ndi manja awiri, n'kudina. Panatuluka nkhope ya munthu woonda, atatsamira khoma, bulangeti lili m'mapewa. Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anati, "Rozalina, mlongo wanga, ndisanapite ndikufuna udziwe kuti..."

Kagalasi kanada.

Azakhali anakagwedeza, nakatembenuza, n'kundiyang'ana. Bodza linali pafupi. Ndikanati makinawo ngakale, akanakhulupirira, pakuti sankadziwa chilichonse cha zinthu zimenezi. Koma ndinalephera kunama.

"Ndamalizira moto panjira, azakhali. Ndimaonetsa anzanga filimu."

Sanakalipe. Anandibwezera kajoguko pang'onopang'ono. "Iwe Lusiya, munthu uja wandisungira mawu zaka zonsezi. Lero watsegula pakamwa, iwe wamutseka."

Ndinaimirira osadikira chakudya. Msika unali kutali kuposa kwathu, koma njira ndinkaidziwa. Ndinafika dzuwa lili paliwombo, fumbi lili mpaka m'maondo. Mayi wa baraka atamva nkhani yanga analumikiza kajoguko, nandipatsa lichero la nyemba kuti ndizisankha podikira. Anyamata ena anabwera kudzapempha kuti ndiwayatsire. Ndinawakana osakweza n'komwe mutu. Moto utadzaza ndinakakulunga m'mpango, ndinakamanga m'chiuno, n'kubwerera.

Ndinawapeza azakhali ali pamphasa pomwe paja, chitenje chija chikadali m'thupi. Ulendo uno a Mateyu analankhula mpaka kumaliza. Anati dimba lija ndi la mlongo wawo, anadziwa kalekale kuti ndi lake, koma manyazi ndi amene anawatsekera njira. Anati akufuna kumva mawu ake kamodzi kokha. Pomaliza anaseka, mano awiri okha akuoneka, n'kufunsa ngati Rozalina akadaopabe nyalugwe wa m'maloto monga ankachitira ali mwana.

Azakhali anaseka misozi ili mbwembwembwe. "Wabodza ameneyu, ankaopa ndi iyeyo! Bwereza."

Ndinabwereza katatu. Kachitatu anayankha kagalasiko ngati munthu ali pamaso pawo: "Ndamva, achimwene. Ndikubwera."

Mawa lake azakhali anakwera chapa, minibasi ya kwathu, pamodzi ndi bambo. Anakawapeza a Mateyu akuthabe kulankhula, ndipo anakhala nawo masiku ochepa amene anawatsalira. Atabwerako azakhali anandipatsa nkhuku yathadzi, osanena kuti ndi ya chiyani. Za pamlatho paja sanauze munthu. Bambo ndinawauza ndekha, ndipo anangoti, "Wakonza wekha, basi."

Lero ndimagwira ntchito pachipatala ku Furancungo, ndipo tsiku lililonse anthu amandisenzetsa mawu. Wodwala amati ndikauze mkazi wake zakutizakuti, mayi wachikulire amati ndimuimbire mwana wake wa ku Tete. Nthawi zina ndimakhala nditatopa, ndipo uthengawo umaoneka waung'ono, woti ungadikire mpaka mawa. Koma ndinaphunzira ndili mwana kuti wotumidwa sadziwa kulemera kwa chimene wanyamula, ndiponso sadziwa masiku amene wotumayo watsala nawo. N'chifukwa chake munthu akandituma, ndimayamba ndakafikitsa mawu ake, zanga pambuyo.