Zitseko za Zimbudzi za Atsikana

Mayi Inocência anabadwira ku Mongue, m'banja la alimi a nandolo. Atamaliza maphunziro a uphunzitsi anawatumiza kusukulu ina ya pulayimale cha ku Molumbo, kumene galimoto imafika pokhapokha msewu ukauma. Akhalako zaka zisanu ndi zinayi tsopano.

Pasukulupo kalasi iliyonse inali ndi mtsogoleri wake, wotchedwa shefe. Aphunzitsi ankangoloza mwana wamkulu thupi n'kumupatsa kamtengo ndi pepala. Ntchito yake inali kulemba mayina a olongolola ndi a olankhula Chinyanja kapena Chilomwe m'malo mwa Chipwitikizi. Olembedwawo ankagwada padzuwa. Mayi Inocência zimenezi zinkawanyansa, chifukwa ankaona ana akuphunzira kuopana ndi kunenezana basi.

Chaka china anapita kwa mkulu wa sukulu, bambo Bonifácio.

"A diretori, ndiloleni ana anga asankhe okha shefe, ndipo akhale wowalankhulira, osati wowalemba mayina."

"Chitani," anayankha a Bonifácio osadzutsa mutu. "Bola phokoso lisandipeze muno."

Ana anavota poponya nyemba m'zitini. Amene anapambana anali Cacilda, mtsikana wamfupi wa zaka khumi ndi zitatu, amene sankachita manyazi kufunsa mafunso. Lachisanu lililonse ankasonkhanitsa anzake kuti anene zowavuta, aliyense m'chilankhulo chimene akufuna. Nkhani imene inkabwerabwera inali imodzi: zimbudzi za atsikana zinalibe zitseko. Anyamata ankadutsa dala pafupi akuseka, ndipo atsikana osinkhuka ankajomba masiku angapo mwezi uliwonse.

Cacilda analemba kalata yaulemu. A Bonifácio anaiyamikira kuti Chipwitikizi chake n'chabwino, n'kuiika m'dirowa. Yachiwiri inalowanso momwemo. Mayi Inocência akakumbutsa, yankho linali lakuti, "Tikuziona."

Kenaka kunamveka kuti kukubwera alendo oyendera sukulu kuchokera ku Milange, ndipo mwana mmodzi adzalankhula m'malo mwa onse. Kalasi yonse inathandiza Cacilda kukonza mawu ake kwa sabata yathunthu. Kutatsala tsiku limodzi, a Bonifácio anaitanitsa pepala la mawuwo, analiwerenga, n'kutulutsa lawo lodzaza ndi mawu othokoza.

"Awerenge ili."

"Koma a diretori, anawa sanatukwane munthu. Akungopempha zitseko."

"Mukufuna kundivula pamaso pa mabwana?"

"Ovulidwa ndi atsikanawa, tsiku lililonse."

A Bonifácio anavula magalasi. "Mayi, mwanayu akulemba mayeso chaka chino. Muganizire bwino."

Mawu amenewo anawafoola mayi Inocência. Anapita okha kwa Cacilda ndi pepala la a diretori n'kumuuza kuti awerenge limenelo. Mawa lake Cacilda analiwerenga bwinobwino, osaphonya liwu, alendo n'kuwomba m'manja. Alendowo atachoka, Cacilda anawapeza mayi Inocência pakhomo la kalasi.

"Aphunzitsi, munatiuza kuti mawu athu ali ndi ntchito."

Kenaka mtsikanayo anawonjezera:

"Ushefe ndausiya. Musankhe wamkulu thupi."

Zitseko zinabwerabe, koma osati kuchokera mu ofesi. Atsikana anakauza amayi awo, ndipo Loweruka lina amayi asanu ndi awiri anafika ndi nsungwi ndi luzi. Mayi Inocência anagwira nawo ntchito mpaka manja kutuluka matuza. Lolemba a Bonifácio anajambula zitsekozo pafoni n'kutumiza kwa akuluakulu awo ngati chitukuko cha ofesi yawo. Mayi Inocência atamva, anatuluka pamsonkhano wa aphunzitsi usanathe, chinthu chimene anali asanachitepo. Anzawo anayamba kuwatchula kuti mayi a mavoti, ndipo m'makalasi enawo ana ankagwadabe padzuwa.

Cacilda anakhoza mayeso. Pano ali kusekondale ku Milange, amakhala kwa azakhali ake. Mwezi wathawu mayi Inocência anakumana naye pamsika, mtsikanayo atavala yunifolomu, akukankha njinga. Mayiwo anali ndi zambiri zoti amuuze, zimene akhala akuzikonza mumtima kwa zaka ziwiri. Cacilda anawapatsa moni mwaulemu wonse, anafunsa za kunyumba ndi za msewu, kenaka anati wachedwa, n'kukwera njinga yake.