Tsiku Limene Kalasi Yathu Inamira

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Sitandade 4 kwathu ku Kapondo, pamene tinalandira mphunzitsi watsopano, a Madamu Phiri. Amuna awo ankayendetsa thiraki, ndipo ulendo wina anawatengako ku Beira, komwe anakaona nyanja yamchere ndi maso awo. Ife madzi aakulu amene tinkawadziwa anali a mtsinje wa Bua basi. Atatiuza kuti kuli chinyama chotchedwa namgumi, chachikulu kuposa kalasi yathu, tinaseka mpaka misozi.

Ataona kuti choko ndi bolodi sizikuthandiza, anaganiza zotibweretsera nyanjayo. Lachisanu lina m'dzinja anabwera ndi mapepala apulasitiki abuluu, aja ofolera zigafa za fodya, n'kutseka mawindo onse, poti analibe magalasi. M'kalasi monse munachita buluu. Nkhope za anzanga zinkaoneka ngati za odwala, ndipo mapepalawo ankafufuma ndi mphepo n'kuphweranso ngati akupuma. Munkanunkha fodya ndi dothi lonyowa.

"Tsopano tili pansi pa nyanja," anatero a Madamu. "Kuno sayankhula, kuno sathamanga."

Aliyense anapatsidwa chamoyo chake. Ena anali nkhanu zoyenda cham'mbali, ena akamba opalasa ndi manja. Yohane, mnyamata wa mano otuluka, anakhala shaki, chinsomba cholusa cha mano akuthwa, popanda wotsutsa. Kenako anatiuza kuti pansi penipeni pa nyanja pali mdima, choncho namgumi ndi mwana wake amapezana ndi mawu. Mwanayo ndinali ine. Anandimanga mpango kumaso, ndipo mnzanga Esinati, amene anali mayi, anayenera kuimba chong'ung'udza kuti ndimulondole.

Ndinalira monga anatiphunzitsira: "Uuuu!" Kunali zii. Ndinaliranso. Pamenepo ndinamva kuyankha, mawu otsika, onjenjemera, ochokera kumbuyo kwa kalasi. Ndinadabwa kuti mawu okhwima chonchi Esinati wawatenga kuti, komabe ndinawatsatira, manja ali patsogolo, mapazi akukhwekhwereza pasimenti yozizira. Kuseka kwa anzanga kunayamba kuchepa mpaka kunatheratu. Zala zanga zinagunda pulasitiki ya pawindo. Kuseri kwake chikhatho cha munthu chinakumana ndi changa, chozizira ngati mwala wa kudambo, n'kundigwira zala mwamphamvu, pulasitikiyo ili pakati.

Ndinavula mpango ndi dzanja linalo. Esinati anali kutsogolo pafupi ndi bolodi, atagwira pakamwa. Anali asanayambe n'komwe kuimba. Pawindo panali chithunzithunzi cha munthu wamtali, nkhope yake itakanikiza pulasitiki moti mphuno ndi milomo zinkaoneka.

A Madamu anatuluka mofulumira, dzanja lija n'kundisiya, ife tonse tikusuzumira pakhomo. Munthu wa pawindoyo anali a Nambewe a m'mudzi wapafupi, amene mwana wawo wamkazi anakokoloka ndi Bua dzinja lathalo ndipo mtembo sunapezeke. Zovala zawo zinali zitanyoweratu ndi mvula ya m'mawa.

"Aphunzitsi, ndamumva," anatero modekha. "Akundiitana m'madzimo. Nditsegulireni ndikamutenge."

A Madamu sanawatsutse. Anang'amba mapulasitiki onse, kuwala kwa dzuwa n'kulowa m'kalasimo, kenako anawagwira dzanja mayiwo n'kulowa nawo. A Nambewe anayenda pang'onopang'ono, akuyang'ana mwana aliyense kumaso, madzi akudontha kuchitenje chawo. Atafika pa ine anaima nthawi yaitali.

"Si ameneyu," anatero. Anandipukuta misozi ndi nsonga ya chitenje chonyowacho, n'kutuluka.

Masewera amenewo sitinaseweranso, ngakhale pamayeso tonse tinakhoza funso la namgumi. Kwa milungu ingapo ndinkakana kukhala pafupi ndi windo, ndipo ndikaona a Nambewe panjira ndinkapatukira m'chimanga. Lero ndimachita nazo manyazi.

Masiku ano ana a kwathu ku Mchinji safunikira mphunzitsi woti anafikako ku Beira. Nyanja yonse ili m'foni. Posachedwapa mwana wanga wamkazi anandionetsa vidiyo ya namgumi akulira, iye akuseka kuti zikumveka ngati ng'ombe yosochera. Kwa ine aka kanali koyamba kumva mawu enieniwo. Ndinamvetsera mpaka kumapeto, kenako ndinamuuza kuti asendere pafupi, n'kumugwira dzanja mpaka anadandaula kuti, "Amayi, mukundipweteka."