Mafupa a Kunsi kwa Bedi

Tsiku limene a Nakwale anawatulutsa m'nyumba ali ndi unyolo m'manja, dzuwa lili paliwombo, anthu a mumsewu wonsewo anasiya miphika ikupserera. Pabwalo panali mphasa, ndowa, mipando iwiri ndi bedi logadabuzika. Pakati pa katunduyo panali matumba asanu a simenti, onse odzaza mafupa.

Mafupa, abale anga. Nthiti, mfundo za msana, ndi chinachake chophwatalala chonga chiuno.

Amene anawapeza ndi a landilodi. Analowa kuti akamate denga lodontha, anakankha bedi kuti aimike makwerero, thumba limodzi n'kung'ambika. Amene anaona akuti bambowo anatuluka ndi chitseko chomwe. Akazi awo atasuzumira anakuwa mpaka agalu a kutsidya kwa msewu anawathandiza.

Wapolisi amene anabwera anali munthu wamkulu ndithu, wa imvi m'ndevu, woti waona zambiri. Koma naye anavula chipewa n'kuyang'ana matumba aja nthawi yaitali.

"Mayi, ndi anthu angati amenewa?"

"Si anthu, bwana. Ndi miyala."

Kenako wina kumbuyo ananena kuti n'chifukwa chake mwamuna wa mayiyu sanaonekenso, ndipo mawu amenewo anayenda mumsewumo kuposa galimoto ya apolisi.

Inu amene mwatsegula nkhaniyi chifukwa moyo wakupanani, tayambani mwadzifunsa ngati munafunsidwapo funso lotere anansi anu onse akumva.

A Nakwale anali mayi woswa miyala. M'mawa uliwonse ankapita kumgodi wa kuseri kwa mzinda, n'kukhala pansi atatambalala, hamala m'manja, kuswa miyala ikuluikulu kuti ikhale timiyala tomwe amisiri amasakaniza ndi simenti. Timiyala timeneti amati kwale, ndipo dzina lawo linachokera pamenepo. Sukulu anailekera pamene aphunzitsi anayamba kusakaniza manambala ndi malembo pa samu imodzi. Mwamuna wawo anapita kukagula machesi zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo zikuoneka kuti mzere wa kugolosaleko sunathebe.

Munthu woswa miyala amadalira khutu kuposa maso. Mwala wabwino ukaumenya umati ngwe. Koma pa ngodya ina ya mgodiwo, pomwe thanthwe ndi lofiirira, a Nakwale ankapeza miyala yomwe inkangoti phu, ngati mphika wong'aluka. Tsiku lina ananyambita umodzi kuti achotse fumbi aone bwino, mwala n'kumatirira kulilime. Atauyang'anitsitsa anaona timabowo tingati ta fupa la ng'ombe ukalithyola.

Kuyambira pamenepo miyala yotero ankaimanga pansalu n'kupita nayo kunyumba. Osati kuti ankadziwa kuti ndi chiyani, ayi. Ankangoimvera chisoni. Anzawo a kumgodi akawaona akunyambita miyala ankafunsa kuti mimbayo ndi ya miyezi ingati, nanga mwini wake ndani poti a machesi aja sanabwerere.

Zaka zisanu ndi chimodzi, matumba asanu. Ndiye denga linadontha.

Kupolisi anagonako masiku awiri. Achimwene awo, oyendetsa lole, ndi amene anawatulutsa pa belo, koma ali panjira anawafunsa chapansipansi kuti, poti ndi anthu a bere limodzi, angowauza zoona za alamu aja. Kunyumba kwa achimweneko anawayalira m'chipinda chosungiramo matayala akale, ndipo alamu awo aakazi anabisa mipeni yonse ya kukhitchini. Kumgodi nako ogula anayamba kulambalala mulu wawo. Ndani angamange nyumba ndi miyala ya munthu wosunga mafupa?

Apolisi anali atapita nawo mafupa aja kuchipatala. Adokotala anawanyamula, anadabwa ndi kulemera kwake, n'kunena kuti ngati ali a munthu ndiye munthu wake sanabwerepo pachipatala chawo. Koma kusaina anakana. Wapolisi wa imvi uja anaitana a Nakwale n'kuwaonetsa fomu.

"Onani mzere uwu, mayi. Ukufuna ndilembe kuti mafupawa ndi a chiyani. Sindingalembe kuti si munthu, limenelo si dzina. Muli ndi masabata atatu. Mukapanda kundipezera mwini wake, khoti lidzalemba lokha, ndipo lidzalemba kuti munthu."

Fupa limodzi lokha ndi lomwe apolisi sanatenge. Inali mfundo ya msana yomwe a Nakwale ankatsukira zidendene posamba, ndipo inali m'ndowa pamodzi ndi sopo. Anaimanga pansonga ya nsalu n'kuuyamba ulendo.

Anayambira kwa wabutchala wa mumsika. Mkuluyo analitembenuza fupalo, analigogoda ndi msana wa mpeni, n'kulibweza msangamsanga. Anati zaka makumi atatu akudula nyama sanakumanepo ndi imeneyi, ndipo ngati ikadalipo yamoyo asamubweretsere. Dokotala wa ziweto anatsegula mabuku awiri, anatseka mabuku awiri, n'kusamba m'manja kawiri. Koma iyeyo ndi amene anawauza kuti pakati pa mzinda pali nyumba yosungiramo zinthu zakale, komwe kuli anthu olandira malipiro chifukwa choyang'ana mafupa, popanda wowamanga.

Pageti pa nyumbayo panali mlonda. Tsiku loyamba anati abwana ali pamsonkhano. Lachiwiri anati apita kumaliro. Lachitatu anati ali pamsonkhano wokambirana mmene maliro aja anayendera. Mbiri ya mayi wa mafupa inali itamufika kale, moti ankayankha ali kuseri kwa geti, ndodo ili m'manja.

Ambirife tikanalekera pomwepo n'kukalira kwa achimwene. Koma ntchito yoswa miyala imaphunzitsa chinthu chimodzi chomwe sukulu siiphunzitsa: thanthwe silisweka ndi hamala yoyamba, umangomenyabe pamalo amodzimodzi. A Nakwale ankabwera wapansi m'mawa uliwonse, n'kukhala pambali pa geti mpaka nthawi yoweruka.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, ali chikhalire, anamasula fupa lija n'kulinyambita, mwa chizolowezi chabe, monga ena amalumira zikhadabo. Mayi wina wachikulire, wamfupi, wovala nsapato zachimuna zafumbi, yemwe ankadutsa pagetipo tsiku lililonse ndipo a Nakwale ankamuyesa wosesa, anaima.

"Pepani mayi, mukunyambitiranji mwalawo?"

"Umamatirira kulilime. Mwala weniweni sutero."

Mayi uja anatambasula dzanja, analitenga fupalo, n'kulinyambita nayenso. Pamsewu, anthu akuona. A Nakwale anafuna kunena za zidendene zija koma anali atachedwa. Mlonda ndodo inamugwa.

Amene ankamuyesa wosesayo anali katswiri wa mafupa osanduka miyala, abwana a msonkhano ndi maliro aja.

Katswiriyo anapempha tebulo lalitali kupolisi, ndipo sabata yathunthu iye ndi a Nakwale ankayala mafupa, kuwatsuka ndi mswachi, kuwalumikiza. Chomwe chinkamudabwitsa n'chakuti mayi wosatha kulemba bwino dzina lake ankakumbukira pomwe fupa lililonse analikumba, ili pafupi ndi mtengo wouma, ili pansi pake pang'ono, ili chaka cha mvula yambiri. Patebulopo panatuluka chinyama chachifupi miyendo, chotambalala nthiti, chachikulu ngati thole. Apolisi a shifiti zonse ankabwera kudzasuzumira n'kutuluka atagwira pakamwa.

Katswiri ananena kuti chinyamachi chinafa kusanabadwe munthu, ng'ombe ngakhale njovu. Wapolisi wa imvi anasangalala, anatenga cholembera, anafunsa dzina. Apa katswiri anapukusa mutu. Anati nyama za mtundu umenewu zinalipo zambiri, matupi awo ofanana ngati ana a sukulu atavala yunifolomu, ndipo chimene chimazisiyanitsa ndi mutu, makamaka mano. Anatembenukira kwa a Nakwale.

"Mutu wake uli m'thumba liti?"

A Nakwale anayang'ana pansi.

"Ndinauswa."

"Munautani?"

"Kwale, mayi. Unakwana theka la wilibala."

Katswiri anakhala pansi, pasimenti penipeni, mpando uli pomwepo. Anapempha madzi. Atamwa ananena motsitsa mawu kuti mutu umenewo unapirira zigumula, zivomezi ndi zaka mamiliyoni mazana awiri, n'kudzagonja kwa a Nakwale nthawi ya tiyi isanakwane.

Musawaseke. Mutuwo ndi umene anayamba kuupeza, lilime lisanawaphunzitse kanthu. Woswa miyala akaona chimwala chachikulu saona mutu, amaona ndiwo za tsiku limenelo. Anaona ndithu kuti chili ndi maenje awiri onga maso, koma anangoti Mulungu naye amaseweretsa dothi, n'kukweza hamala.

Kunatsala masiku atatu.

Komatu woswa miyala amadziwa kumene miyala yake inapita monga mayi amadziwira kumene ana ake anakwatiwa. Akamayenda mumzinda amaloza chamumtima: maziko awo ndi anga, chimbudzi icho ndi changa. A Nakwale anatsinzina. Anakumbukira kwale wofiirira uja, ndi munthu amene anadzamutenga akunyinyirika kuti ndi wofewa. Anatsegula maso.

"Uli pakhonde pa a landilodi."

M'mawa mwake anawapeza a landilodi ali pakhondepo ndi anzawo awiri, akufotokoza nkhani ya mafupa kachimakumi angati kaya. Nkhaniyo inali itakula, tsopano iwo sanathawe, anangotuluka mofulumira kukaitana boma. Ataona wapolisi, katswiri ndi a Nakwale akulowa pabwalo, anasintha nkhani n'kuyamba kukamba za mvula.

Apa ndi pomwe kuumira kwa munthu kunapulumutsa mnzake. A landilodi pomanga khondelo anathira simenti ngati akuthira mchere m'phala la wodwala, moti pamwamba ponse panali patakokoloka, timiyala tili poyera. Katswiri anathira madzi n'kuyamba kukwawa ndi galasi lake lokulitsa zinthu. A Nakwale anagwada mbali inayo ndi kahamala kakang'ono, kugogoda pang'onopang'ono khutu lili pansi. Anansi onse aja anali atabweranso, miphika ikupsereranso.

Ngwe. Ngwe. Ngwe. Kuyambira kukhomo mpaka kumzati, ngwe yekhayekha. Dzuwa linakwera. Wapolisi anayamba kuyang'ana wotchi.

Phu.

Panali pansi penipeni pa mwendo wa mpando wa a landilodi. Anawapempha kuti asunthe pang'ono. Katswiri anapaka mswachi, ndipo m'simentimo munaoneka dzino, lalitali ngati chala, lokhota, lothyoka kutsinde pomwe hamala inadutsa. Pofika masana anali atapeza zidutswa zina khumi ndi chimodzi, china chake chonga mlomo wa kamba. Katswiri anaziyala pansi n'kuzilumikiza. Anatchula dzina la chinyamacho, ndipo wapolisi anamupempha kuti abwereze katatu. Mzere wa pafomu uja unatha dzina lili pakati, anakamalizira kuseri kwa pepala.

Atatseka cholembera, wapolisiyo anayang'ana a landilodi.

"Bambo, khonde ili munamanga liti?"

"Papita zaka zisanu ndi chimodzi, bwana."

"Ndiye kuti mayiwa ankasunga thupi kunsi kwa bedi, inu mukukhalira mutu wake. Ndikatenge unyolo uja?"

A landilodi anaimirira ndi mpando womwe. Akazi awo kuyambira tsiku limenelo ankalowera khomo lakuseri, ngakhale atanyamula ndowa ya madzi.

Mlandu unathera pomwepo. Khondelo analidula n'kulikweza m'lole ya achimwene aja, omwe tsopano ankauza aliyense kuti achemwali awo sanawakayikirepo ndi tsiku limodzi lomwe. Mipeni inabwerera kukhitchini. A landilodi, atamangiridwa khonde latsopano la simenti yokwanira, anatuma uthenga kuti nyumba ija ikadalipo ndipo denga analikonza. A Nakwale anathokoza mwaulemu, n'kunena kuti iwo sangakhale pa nyumba ya munthu wosunga mafupa.

Lero mukapita kunyumba yosungiramo zinthu zakale ija, mlonda yemwe uja amatsegulira a Nakwale geti asanafike n'komwe. Amakhala patebulo lawolawo, nyale pamwamba, atavala magalasi, akuchotsa mwala pafupa ndi chida chonga singano. Dzanja lomwe linkaswa wilibala zitatu patsiku tsopano limatha mwezi pa nthiti imodzi. Ophunzira a digiri akabwera ndi mwala wowazunguza mutu, katswiri amangowalozera kwa a Nakwale, ndipo iwo amaugogoda ndi chikhadabo n'kumvetsera. Chinyama chija chili m'galasi pakati pa chipinda, mutu wake uli ndi zigamba ngati buluku la mmisiri, ndipo pakapepala ka pansi pake pali dzina la mayi amene anachipeza. Sanalembepo kuti ndi yemwenso anachiswa. Aulemu anthu ophunzira.

Kumgodi kuja nako zinthu zinasintha. Aliyense akamva phu amaimitsa hamala n'kutulutsa lilime. Mlendo atafika angaganize kuti onse, ndi abambo omwe, ndi oyembekezera.

Ndiye inu amene mwagogoda pageti kawiri n'kubwerera, a Nakwale anabwera kasanu ndi kanayi. Inu amene mukuti munalakwitsa kwambiri moti sizingakonzeke, mayi awa anaswa ndi manja awo chinthu chokhacho chomwe chikanawapulumutsa, ndipo anagwada pakhonde la munthu amene anawathamangitsa n'kuchitola kachidutswa kachidutswa. Mwina chanu nachonso sichinatayike, wina wangochikhalira. Musataye mtima, abale anga. Gwadani, gogodani, mumvetsere.