Anasingano ndi Kabokosi ka Zimbale

Atasoka madiresi aukwati zaka makumi atatu m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsapato, mayiwa dzina lawo lenileni linaiwalika. Aliyense ankangoti Anasingano. Anali munthu wosavuta, wanthabwala, koma ukangoyerekeza kunyoza msoko wawo, unkaona zakuda.

Amene anayerekeza ndi mlamu wawo, mlongo wa amuna awo. Pochokera ku ukwati wina anangoti, "Diresi lija linali bwino ndithu, mlamu, kungoti mpendero unakhota kumbuyo."

Anasingano chakudya chinawakanika masiku awiri. Mpendero wawo kukhota?

Mwamwayi, eni ukwati anawapatsa chimbale cha kanema wa tsikulo, cha mtundu wamakono uja amati umaonetsa ngakhale tsitsi limodzilimodzi. Umboni ndi umenewo! Vuto linali laputopu yomwe mwana wawo wamkazi, namwino, anawagulira kuti azionerapo masitayelo. Anaitembenuza uku ndi uku, polowetsa chimbale panalibe.

"Pamafunika kabokosi kapadera kolumikiza ndi chingwe," anatero namwinoyo. "Koma amayi, mugule chinthu chodula chotero chifukwa cha chimbale chimodzi? Masiku ano zimbale akuzifuna ndani?"

"Iwe ntchito yako n'kubaya anthu jakisoni, za mpendero uzidziwira kuti? Ndigula."

Anaguladi. Wogulitsa anayesa kuwasonyeza kotsika mtengo, ka zimbale wamba, iwo anakanitsitsa. Ankafuna koonetsa ulusi.

Loweruka masana anakankhira nsalu pambali n'kuika laputopu patebulo lodulira. Atalowetsa chimbale m'kabokosi kaja, mkwatibwi anatulukira pagalasi la laputopuyo akunyang'wa. Anasingano anasendera pafupi, anabwerera m'mbuyo, anapukuta galasilo ndi kachigamba.

"Atibera! Chifunga chokhachokha. Zooneka bwinozo ndi zimenezi?"

Namwino uja, amene anali pambali pawo, anayang'anitsitsa pagalasipo. Iye ankaona zonse: mkanda uliwonse, thukuta pamphuno pa mkwati, ngakhale ntchentche imene inatera pakeke.

"Amayi, mikanda ya pakhosipo ili mizere ingati?"

"Itatu. Ndinasoka ndine."

"Ayi, osati zokumbukira. Mukuiona?"

Anasingano anapenyetsetsa, koma mizereyo osaiona. Mantha anawagwira, mantha enieni a munthu amene chakudya chake chimadzera pabowo la singano. Miyezi yonseyi ankanamizira babu la m'chipindamo kuti lafooka, n'kumadandaula kuti singano za masiku ano azichepetsa mabowo.

Pakanema, mkwatibwi anatembenuka n'kuonetsa msana.

"Imitsa pamenepo," anatero Anasingano motsitsa mawu. "Usandinyengerere, mwana wanga. Wakhota?"

"Wakhota, amayi. Pang'ono."

Anasingano anausa moyo, kenako anatseka laputopu mwapang'onopang'ono.

"Lolemba undiperekeze kwa adokotala a maso. Koma azakhali ako akafunsa, uwauze kuti kabokosika kakukana kuyaka."