Anawaveka Amayi Chiguduli cha Nandolo

Amayi anga sanali munthu wotuluka pakhomo asanasambe. Ngakhale ulendo wa pachigayo pomwepa, ankayamba adzola mafuta, kumanga duku bwinobwino, kenako n'kudziyang'ana pakagalasi kothetheka kamene kankakhala pazenera. Tikawaseka kuti kuchigayo kulibe ukwati, ankangoti, "Kusauka ndasauka, koma uve ndiye ayi." Loweruka lililonse chakumadzulo ankakoleza makala a nsimbi n'kusita bulauzi yawo yoyera ya amayi a kumpingo, ndipo mwana wodutsa pafupi ndi manja a mango ankaona zakuda.

Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha. Anajambulitsa kalekale ku boma atavala yunifolomu yomweyo, ataima chilili, dzanja lina lili pampando. Chinkakhala pakhoma. Chaka chimene napolo anatsika m'phiri n'kusesa midzi ya kwathu ku Nkhulambe, madzi ndi miyala zinatenga nyumba yawo, chithunzicho chinapita nayo limodzi. Iwo anapulumuka ndi zimene anavala basi. Nyumba yanga ili pokwererapo pang'ono, ndiye anadzakhala kwa ine. Anzawo a kumpingo anawasokera yunifolomu ina, ndipo Loweruka lotsatira nsimbi ya m'nyumba mwanga inayaka ngati palibe chachitika, ngakhale kuti kuyambira nthawi imeneyo miyendo yawo inayamba kutupa.

Tinabadwa awiri, ine ndi achimwene anga amene amakhala ku Blantyre. Malume atamwalira, achimwenewo ndi amene anatsala mwini mbumba. Kwathu kuno zimenezi si zamasewera: ukwati, mlandu wa munda, maliro, zonse zimadikira mawu a mwamuna wamkulu wa kuchikazi, ngakhale atakhala kuti munda wake sakuudziwa malire.

Achimwene anga ndi munthu wodzimva. Sindikunena mobisa, ndatopa nako kubisa. Kuyambira ali aang'ono, nkhani ikakhala ya munthu wina ankayamba kuyasamula. Ukawauza kuti mbuzi yako yafa, akuuza za tayala la galimoto lawo. Tsiku limene ndinatsala pang'ono kutsikira kulichete pobereka mwana wanga woyamba, anaimba foni, ndipo ndinamva zonse za dzino lawo limene linawasowetsa tulo. Za ine anafunsa pomaliza, mayunitsi akutha. Mafoni akuluakuluwa atabwera, anapeza kumene mtima wawo unkafuna. Anatsegula tsamba lawo pa intaneti, kumadzitcha mwana wa kumudzi wosaiwala kwawo, n'kumajambulitsa akupereka kathumba ka shuga kwa wopemphetsa mumsewu. Wopemphayo ankaoneka theka, iwo ankaoneka athunthu.

Napolo atachitika sanabwere. Anangoika pa tsamba lija nkhope yawo ikutuluka misozi, anthu n'kumawapepesa. Ife tikufukula mapoto m'matope, wopepesedwa anali ku Blantyre. Patapita miyezi, nandolo atauma m'minda, uthenga unafika kuti akubwera Loweruka.

Amayi anasangalala ngati mtsikana. Anasesa bwalo lonse ndi miyendo yotupa yomweyo, ine ndikuletsa. Anandiphetsa tambala. Anatereka kalongonda dzulo lake, nyemba zija zofuna kuwiritsa ndi kutaya madzi mpaka nkhuni zikuthere, chifukwa mwana wawo ankazikonda ali kusukulu. M'mawa anasamba, kudzola, kuvala chitenje chatsopano ndi duku lofanana nacho, n'kukhala pakhonde maso ali kunjira.

Galimoto linafika dzuwa lili paliwombo. Achimwene anatsika atavala malaya oyera, pambuyo pawo mnzawo wina atanyamula kamera ndi chitsulo chake cha miyendo itatu. Anatulutsa bulangete lili m'pepala lake, ndi kathumba ka ufa. Amayi anadzuka movutikira, manja atatambasula. Achimwene anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope n'kugwa.

"Aaa, mayi, mwatchenanso bwanji? Chonchi sizitheka."

Amayi anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. "Mlendo wanga ndi iweyo, mwana wanga. Ukanandipeza ndili mbuu?"

"Iyayi mayi, mvetsani. Anthu akakuonani chonchi anena kuti ndikunama, kuno kunalibe vuto. Pamafunika zizioneka." Anaunguzaunguza pabwalo, maso awo n'kugwera pa chiguduli chimene tinayanikapo nandolo. Chinali chitenje chakalekale, chobooka paliponse, mtundu wake sunkadziwikanso. Anachigwira m'mphepete n'kukutumula, nandolo wanga n'kumwazika m'fumbi, nkhuku n'kuthamangirapo.

Ndinati, "Achimwene, amenewa ndi mayi anu okuberekani. Mukufuna muwaveke choyanikira nandolo?"

"Achemwali, inu za masiku ano simuzidziwa. Ndikuchita zimenezi kuti anthu adziwe mavuto a kuno. Mungothokoza kuti muli ndi mlongo woganiza."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma amayi anandigwira dzanja. Anati, "Musiye. Wayenda ulendo wautali." Analowa m'nyumba ndi chiguduli chija. Atatuluka, ndinayang'ana kumbali. Achimwene anati dukunso lichoke. Imvi za amayi, zimene ngakhale ife ana awo sitinkaziona kawirikawiri, zinakhala pamtetete, anthu oyandikana nawo ataima m'mipanda.

Anawayendetsa mpaka pabwinja la nyumba yawo, n'kuwakhazika pa zidutswa za njerwa. Kenako sewero linayamba. Achimwene ankabwera chapatali, kugwada, kuwafunditsa bulangete, kupukuta maso. Mnzawo uja akati sizinaoneke bwino, ankavula bulangetelo n'kuyambiranso. "Mayi, musamwetulire. Yang'anani pansi. Eya, choncho." Kenako kutembenukira kwa wojambula: "Nkhope yanga ikuoneka? Dzuwali silikundidetsa?" Anabwereza mpaka ndinasiya kuwerenga, amayi ali padzuwa, mutu uli pamtunda, miyendo ikunyezimira ndi kutupa. Za miyendoyo mwana wawo sanafunse, ngakhale anagwada pafupi nayo masana onse.

Atamaliza anadya chiwindi ndi ntchafu za tambala ali chiimire. Kalongonda anangomununkhiza, amvekere m'mimba mwawo simugwirizananso ndi zoterezi. Dzuwa lisanalowe galimoto linali litapita. Amayi anasambanso n'kuvala chitenje chawo. Ine ndinatola nandolo m'fumbi mmodzimmodzi, ndikutukwana chamumtima.

Kafoni kanga ndi ka mabatani, ndiye kanema amene achimwene anaika pa tsamba lawo lija ndinakamuonera pa foni ya wogula nandolo kumsika. Anandiitana yekha pasikelo, "Mayi, awa si mayi anu awa?" Ndinaona amayi atazyolika m'chiguduli, kanyimbo kachisoni kakulira pansipansi, ndi mawu a achimwene akunjenjemera: mayi awo owabereka anawapeza ali okhaokha, opanda chofunda, opanda wowayang'anira. Ine amene ndinkawatenthetsera madzi m'mawa uliwonse ndinasanduka mphepo. Koma zanga zinali zazing'ono. Chimene chinandilasa n'chakuti mudzi wonse, ndi midzi ina imene sindinapondeko, inali kuonera mzimayi amene moyo wake wonse sanalole kuti aoneke ndi banga pa bulauzi.

Lamulungu lotsatira amayi anapita kutchalitchi monga mwa masiku onse, atasita, atamanga duku. Atsikana kumbuyo ankapatsirana foni n'kumasuzumira. Potuluka, mayi wina wochokera mudzi wa kutsidya, wamtima wabwino ndithu, anawapatsa jumbo ya zovala zakale. "Pepani mayi, sitinkadziwa kuti zafika pamenepa. Mukanatiuza." Amayi analandira ndi manja awiri, kugwada pang'ono, kuthokoza. Kenako anabwerera kunyumba. Limenelo linali tsiku lawo lomaliza kutchalitchi. Loweruka litafika ndinawafunsa ngati ndikoleze makala a nsimbi, anati, "Ndisitire ndani? Andiona kale."

Ndinawaimbira achimwene kuti achotse chinthucho. Anaseka. "Mukudziwa kuchuluka kwa anthu amene aonera? Achemwali, vuto lanu ndi nsanje. Munthu akamachita bwino simukondwa." Ndinawauza kuti amayi asiya kutuluka, sakudya bwino. Anati iwonso masiku amenewo sakugona, chifukwa anthu akuwaimbira kwambiri.

Kuyambira pamenepo, munthu akatulutsa foni pafupi, amayi ankatembenukira kukhoma. Tsiku lina ndikuwathowa miyendo ndi madzi ofunda, anandifunsa motsitsa mawu, "Kodi chinthu chija chimafufutika?" Ndinati sindikudziwa. Kenako anati, "Miyendoyi ikaphwa, udzanditengere ku boma. Ndikajambulitse china nditavala yunifolomu, nditaima, ngati chija chinapita ndi madzi. Adzukulu anga adzandione bwino." Ndinavomera. Ndinawapempha kuti mwina tiitane wa foni yabwino awajambule atakhala pampando, anakana. Ankafuna ataima. Miyendo sinaphwe, ndipo kutentha kwa chilimwe kutafika pachimake, amayi anatisiya.

Amayi a kumpingo anawasambitsa. Ine ndinakoleza makala, ndinasita bulauzi ija mpaka inawala, ndinasita duku. Tinawaveka. M'bokosi muja anagona amayi anga enieni, aukhondo, nkhope itawongoka. Zonse zinali zokonzeka m'mawa, adzukulu okumba manda atamaliza kale ntchito yawo, koma mwambo sukanayamba mwini mbumba asanafike. Tinadikira, anthu akusuntha ndi mithunzi. Anafika dzuwa litapendeka, atavala suti yakuda ndi magalasi akuda, wojambula uja ali pambuyo. M'manja ananyamula chithunzi chachikulu cha m'felemu, choti chitsogole bokosi popita kumanda, monga amachitira masiku ano.

Anachitembenuza kuti tonse tione. Amayi m'chiguduli cha nandolo, mutu pamtunda, maso pansi. Pambali pawo achimwene m'malaya oyera, dzanja lili paphewa la amayi, nkhope ikuyang'ana kuno.

Ndinadzuka pamphasa pamene ndinakhala ndi azimayi anzanga. Ndinati chimenecho sichitsogola amayi anga, bola bokosi lipite lopanda chithunzi. Achimwene anati chithunzi china palibe, ndiponso chimenechi ndi chimene dziko likuwadziwa nacho. Akuluakulu anandikokera kuseri kwa nyumba. "Mayi, khazikani mtima pansi. Mwini mbumba wanena. Phokoso pamaliro n'kuchititsa manyazi malemu." Wina anawonjeza kuti chibale ndi fupa, sichiwola. Ndinafuna kuwafunsa kuti manyazi ake atinso amene atsala, koma azakhali anali atandigwira kale m'chiuno, kundibwezera pamphasa. Mkazi pasiwa amalira, satsutsa.

Nthawi ya mbiri ya malemu, achimwene anaimirira, n'kuyamba adikira wojambula aimike chitsulo chake. Tinamva za mmene iwo anavutikira kusukulu, mmene iwo anasiyira ntchito zawo zofunika n'kubwera ndi bulangete, mmene mtima wawo wasweka kuposa wa wina aliyense. Atafika ponena za mpingo, anawerama n'kufunsa azakhali monong'ona kuti kodi amayi anali ndi udindo wanji. Amayi a yunifolomu anapirira, anapirira, kenako mmodzi anangoyambitsa nyimbo, onse n'kulandira mokweza mpaka mawu a achimwene anamira. Tsiku lonse lija, chimenecho chokha ndi chimene chinandipepuza mtima.

Anthu anadutsa kuona nkhope. Ena ankayang'ana m'bokosi, kuyang'ana chithunzi, kuyang'ananso m'bokosi, n'kupukusa mutu. Kenako anakhoma chivundikiro. Amayi ovala bwino aja analowa pansi, a m'chiguduli anatsala kunja.

Pochoka, achimwene anasiya felemu lija m'nyumba mwanga, amvekere ndi mphatso, tizikumbukira. Chithunzicho kuchitentha sindingathe, muli nkhope ya amayi anga. Ndinachitulutsa m'felemu, ndinatenga lumo n'kuwadula achimwenewo, koma dzanja lawo linatsalabe paphewa la amayi, ndi wotchi yake yomwe. Ndinachilonga kuseri kwa matumba a chimanga.

Mwana wanga wotsiriza anali wa kumsana agogo ake akumwalira, sawakumbukira. Chaka chino, tikusuntha matumba kuti tithire mankhwala a anankafumbwe, anachipeza. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Amama, agogo analibe zovala?"

Ndinakhala naye pansi. Ndinamuuza za mafuta, za duku, za kagalasi ka pazenera, za bulauzi imene inkawala kuposa ya mzimayi aliyense m'tchalitchi chathu. Ndinamutulutsira nsimbi kuti aigwire. Anamvetsera bwinobwino, monga mwana womvera. Nditamaliza anayang'ananso chithunzi chija, n'kupitisa chala pa mabowo a chiguduli.

"Nanga bwanji simunkawabwereka zanu?"