Chaka Chimene Agogo Anasokoneza Ndalama

Ngwee, ndalama kugunda pamwala wa pakhomo. Ndinakula ndikumva kulira kumeneku ku Chiwanga. Agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira, ankagulitsa usipa wouma, ndipo ndalama iliyonse ankayamba aigwetsa pamwalapo. Kalilidwe kake kankawauza ngati ndi esikudo ya Apwitikizi kapena sheleni yobwera ndi ngalawa za ku Likoma. Sankayiyang'ana n'komwe.

Chaka chimene ndinayamba kumera ndevu, ndinalowa m'gulu la okhoma msonkho. Wolephera kukhoma, asilikali a boma ankamutenga kukakumba msewu wokwera ku Maniamba, ndipo ena ankabwerako ali mafupa okhaokha. Agogo anati ndisade nkhawa, za usipa zikwana.

Chaka chomwecho ndinayamba kuona zachilendo. Munthu akapereka ndalama imodzi, agogo ankamubwezera ziwiri. Wina ankamuthirira mbale ya usipa, n'kuiwala, n'kumuthiriranso. Koma mitu ina ya nzeru zawo inali chilili. Ankadziwa kuti mwera uwomba mawa asodzi asanadziwe, ndipo nyimbo za kutchalitchi ankaimba osaphonya. Ndalama zokha ndi zimene zinkawathawa, ngati nyanja ikuphwa mbali imodzi.

Kwathu mwana sawerenga ndalama pambuyo pa munthu wamkulu. Kutero n'kumunena kuti ndi wakuba kapena wapenga. Ndinayesa kamodzi, monong'ona. Agogo anandimva, nandiyang'ana.

"Ndinakuphunzitsa kuwerenga zala ndine. Lero ukufuna kuwerenga zanga?"

Sindinayesenso. Ndinkangokhala pafupi ndi thandala loyanikapo usipa, n'kumaona amayi a m'mudzi akulandira zopitirirazo, akuthokoza ndi manja awiri, n'kumapita. Ndinkadana nawo mumtima. Ena mwa iwo tinkakhala nawo benchi limodzi Lamulungu.

Itayandikira nthawi ya msonkho, agogo anamasula mfundo ya nsalu yawo. Munali tindalama tochepa, mabatani awiri ndi chigoba cha nkhono. Anaziyala pamphasa mosamala, nanena kuti zakwana ndipo zatsalako za sopo. Nkhope yawo inali yowala. Ine ndinavomera, ndikuganiza za khasu la ku Maniamba, ndiponso za amene adzawatungira madzi ndikapita.

M'mawa mwake ndikusoka ukonde kuseri kwa nyumba, anafika mayi wina wachisilamu wa ku Nkholongue, amene ankapikula usipa kwa agogo kuyambira kale. Anasuzumira kaye ngati agogo ali pafupi, kenako anakhala pansi. Anandiuza kuti amayi onse anaona matendawo ine ndisanawaone. Anapangana kuti asamachititse manyazi munthu amene anawaphunzitsa malonda. Aliyense wolandira zopitirira ankangothokoza, n'kukazisiya kwa mayi wa ku Nkholongueyo. Achisilamu ndi akutchalitchi omwe, ngakhale uja wodziwika ndi kuumira, amene sankapatsa munthu ndi mchere womwe.

Miyezi yonseyo mudzi wathunthu unkasunga chinsinsi pamaso panga, ine amene ndinkadziyesa woona zonse.

"Agogo ako asamve, mwanangu. Iwo akudziwa kuti akhoma okha msonkhowu, ndipo n'zoona, ndi ndalama zawo."

Mayiwo anasolola kachitini kolemera ndi ndalama m'dengu lawo, nakaika m'manja mwanga. Anasenza dengulo n'kutsika kumchenga, kulowera njira ya kwawo.