Ampulifaya Itapsa, Bambo Anatembenukira Kukhoma

Tsiku limene ampulifaya inapsa, bambo a Mai Waya anasiya kuimba. Nthawiyo dzina la Mai Waya linali lisanabadwe. Anali mtsikana chabe wolephera mayeso, wongobindikira m'nyumba ndi manyazi.

Bambo akewo anali osaona. Ankaimba ndi gitala pokwerera mabasi, ndipo poti matenda anawadya mawu, ampulifayayo, makina okweza mawu, ndiyo inali mmero wawo. Mvula itaidonthera, inafuka utsi n'kukhala chete. Nawonso anakhala chete, gitala kunsi kwa bedi, nkhope kukhoma.

Mtsikanayo anaisenza mpaka kwa wokonza mawailesi. Mkuluyo anaitsegula n'kuloza kachitini kotupa.

"Kapasita iyi yafa, mwanawe, ndipo yaikulu chonchi sipezekanso. Koma ukalumikiza ziwiri zazing'ono, zimasenza katundu wa imodzi. Ine nthawi ndilibe. Mawailesi akufa ali kuseliko, kafukule."

Anafukuladi. Anabwereka chowotcherera, zala zinatuluka matuza, mtovu wosungunuka n'kumubowolera siketi yake yokhayo yabwino. Koma akangoyatsa, ampulifaya inkang'ung'udza ngati njuchi m'botolo.

Tsiku lina, atatsala pang'ono kuiponya kudzala, anamva mawu kuchokera pabedi paja.

"Zadzulo zija zinaliko bwino. Izi zikulira m'mphuno."

Kani nthawi yonseyi ankamvetsera! Kuyambira pamenepo mwana ankawotcherera, bambo n'kumatchera khutu. "Chotsa." "Tayesa ina." Paja mutu umodzi susenza denga.

M'mawa wina mtsikanayo anayatsa, koma kunali zii. Mtima unamusweka poganiza kuti yapsanso. Bambo ake anadzuka n'kutambasula dzanja.

"Kumeneko ndiye kuchira, mwanangu, kung'ung'udza kuja kwatha. Tandipatsa gitala."

Anakhudza chingwe chimodzi, mawu n'kutuluka osalala, akuya, mpaka galasi la zenera linanjenjemera. Kenako anaimba. Mayi woyandikana nawo anafika pakhomo thovu la sopo likudontha m'manja, pakamwa pali yasa. Mtsikanayo thupi linachita tsemwe: zotola za m'mawailesi akufa zikunyamula mawu a bambo ake! Analira osabisa nkhope.

Lero oimba amachita kufola pashopu ya Mai Waya. Bambo ake amakhala pampando pakona, ndipo palibe ampulifaya imene imatuluka pakhomopo iwo asanaimve n'kugwedeza mutu.

Inu amene mwauzidwa kuti chimene mukusowa sichipezekanso, musatembenukire kukhoma. Pitani kuseli mukafukule. Osataya mtima.